Sitima ya 8:12

Lolemba, 4 Ogasiti

Mvula. Msonkhano ku ofesi. Bronwyn, bwana wathu, wapachika mapu: siteshoni iliyonse yosakwana okwera 900 m'mawa, sitima zothamanga zizingoidutsa kuyambira Okutobala. Sabata yamawa ndiyo yowerenga, kenako agawa pa masiku asanu. Wandiyamikira pagulu. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndikulosera okwera sitima muno mu Melbourne: mvula, mtengo wa petulo, tchuthi cha sukulu, mpira wa Loweruka. Kuphonya sindikudziwa.

Mzere wachisanu ndi chiwiri papepala langa: Kerrin Park, 840.

Kwathu kumeneko. Pomwe amayi amakwerera sitima yothamanga ya 8:12 kukadyetsa bambo kunyumba ya okalamba. Bambo salandira supuni ya munthu wina. Sitima yoima paliponse ingakawafikitse phala atachotsa kale.

Ndawomba nawo m'manja.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Kwa amayi. Pastizzi wotentha, tizitumbuwa ta tchizi tomwe amayi amaphika, ndi tiyi wa shuga wambiri. Ndawauza ndili ndi chakudya m'kamwa kuti zisamveke bwino. Zamveka.

"Ndiye sukulu yonse ija, Raymond, unkaphunzira kuchotsa sitima ya bambo ako?"

Ndati si ine, ndi manambala. Afunsa akusowa angati. Makumi asanu ndi limodzi. Alemba kuseri kwa envulopu, atenga foni, ine andiiwala.

Zenera la kukhitchini likadali lomwe lija, loyang'ana kusiteshoni. Ndili mwana, bambo ankandiimika pampando: yamba walosera, kenako tiwerenge mitu. Wophonya kwambiri ankatsuka mbale. Ntchito yanga yonse inayambira pa kuopa sopo.

Bambo sindinawaone chichokere Pasaka. Ndalemba, ndafuna kufufuta, ndasiya.

Lolemba, 11 Ogasiti

Tsiku loyamba. Amayi pafoni, mawu ngati a mkulu wa asilikali: abwera 71. Kwaya ya kutchalitchi, azimayi achigiriki a mumsewu mwathu, ndi madala a kalabu yogubuduza mipira pakapinga, atsogoleredwa ndi a Des Hanrahan. Mipando yopinda, mafulasiki.

Masana ndatsegula kompyuta. 838.

Achepa ndi awiri. Ndaitseka, ndaitsegulanso. 838.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

842. Ndaimbira a Des. Afotokoza monyadira: amagunditsa khadi pageti, kulowa, kumwa tiyi, kubayibitsa amayi pa 8:12, kugunditsanso khadi, kubwerera kwawo. "Ndipo sitinalipire ngakhale senti, mwanawe. Boma talidya."

Ndagwira mutu. Munthu akatuluka pageti lomwe analowera mphindi khumi ndi zisanu zisanathe, makina amati wasintha maganizo, ulendo amaufafaniza. Okalamba 71 asintha maganizo masiku awiri otsatizana. Awiri osowa dzulo aja mwina anaona chikhamu, n'kuganiza kuti sitima yafa, n'kukakwera basi.

Kodi wa muofesi ayenera kuulula zimenezi? Si chinsinsi, zalembedwa pachikwangwani chomwe a Des amatsamirapo. Ndawauza amayi.

"Ukutanthauza kuti tikwere ndithu?"

Ndati inde. Ndipo poti masiku awiri apita pachabe, otsalawa afunika 940 lililonse. Ati ndinabadwa ndi nkhani zoipa, ngakhale mzamba anaona.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Dzulo 931. Lero 944. Awonjezera wometa tsitsi, wansembe, ndi banja lonse la ogulitsa buledi.

Vuto n'lakuti atakwera sanadziwe kopita, ndiye onse atsikira komwe amayi amatsikira. Nyumba ya okalamba yalandira alendo zana limodzi nthawi ya kadzutsa. Kwaya yaimba. A Des apezako mnzawo yemwe ankati anamwalira kalekale, anaperekanso maluwa.

Bronwyn waima kumbuyo kwanga, maso pakompyuta. Wafunsa ngati ku Kerrin Park kwatsegulidwa sitolo yaikulu kapena koleji. Ndati ndikufufuza. Wandiyang'ana nthawi yaitali, wati dzina lathu la Zammit analiona pakalata yodandaula yolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Kenako wati wokwera ndi wokwera, bola khadi lalira, n'kuchoka.

Mawa pafunika 945. Lachisanu, ambiri amagwirira ntchito kunyumba. Kubweranso mvula ya mphepo. Ndalowetsa zonse m'makina anga: 890.

Zaka zonsezi ndimapempherera kulondola. Lero ayi.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Galimoto ndaisiya kwa amayi. Pageti khadi langa lakana: linatha ntchito zaka ziwiri zapitazo. Katswiri wa okwera sitima. A Des alengeza kwa onse, kwaya yaseka motsatira mawu ake, a pansi ndi a pamwamba. Ndagula lina.

Maambulera, ndodo, fungo la makhoti onyowa. Mtsikana wina wa suti wapatsa amayi mpando, iwo amupatsa pastizzi, amufunsa ngati ali pabanja, n'kundiloza. Ndili ndi zaka 54.

Kunyumba ya okalamba, bambo achepa thupi. Sanandizindikire. Aona taye, ayesa ndine wa kusiteshoni. Amayi akuwadyetsa, supuni ndi supuni, akuwauza kuti pokwerera panadzaza lero. Apo maso awo awala, atembenukira kwa ine.

"Anali angati, bwana?"

Ndati sitinawerenge.

"Yambani mwalosera."

Ndati 890. Apukusa mutu, ati ndikuoneka watsopano pantchito. Tsiku la mvula anthu saopa sitima, amaopa kuyenda pansi. Iwo ati 960.

Lolemba, 18 Ogasiti

Lachisanu anakwera 958.

Kerrin Park yapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Ya 8:12 iziima. A Des akuti gulu lipitiriza Lachiwiri ndi Lachinayi, mabisiketi a kunyumba ya okalamba ndi abwino kuposa a kukalabu. Ine ndadzilembera Lachisanu.

Bronwyn wandipatsa fomu yofotokoza chomwe chinaphonyetsa ulosi wanga. Mabokosi ake: nyengo, mitengo, zochitika zapadera, zina. Ndachonga zina. Pamzere ndalemba dzina la amayi: Doris Zammit, zaka 79.

Madzulo kwa amayi. Ndawawerengera manambala: bambo aphonya ndi awiri, ine ndi 68. Amayi angondiponyera kansalu, n'kuloza kusinki.

Mbale zinali zambiri. Ndikuganiza kuti zina anachita kutulutsa zoyera m'kabati.