Mayina Ozungulira Mbale

Lolemba, 4 Malichi

Awatenga a Sizasi, odula nsalu athu. Teni koloko, apolisi awiri, tepi yoyezera ikadali m'khosi. Mlandu wake kalata ija tinalembera boma, yodandaula kuti mabwana amatitsekera ndi loko nthawi ya ntchito. Akuti n'kuukira. Tinasaina mozungulira kuti pasaoneke woyamba. Mzerewo tinajambula atatu m'stolo, kutsata m'mphepete mwa mbale: a Sizasi, a Simbi ositawa, ndi ine. Enawo anasaina mawa lake, mbale osaiona. Koma woyamba amudziwabe.

Makina onse zii. Kenako a Simbi: "Muno muli khutu."

Ine maso pa singano.

Lachitatu, 6 Malichi

Khutulo akuti lapezeka. Mayi Mabatani, osokera mabatani athu. Umboni wake: anakana kusaina, ndiponso mlamu wawo ndi mlonda kukhoti. Basitu, mlandu watha. Pa loka yawo alembapo ndi choko chodulira nsalu: KAZITAPE. Masana wina wawonjezera KAPIRIKONI. Kapu yawo aichotsa pamsomali pamene timapachika makapu tonse. Tiyi amwera m'chivindikiro cha botolo, atayang'ana kukhoma.

Kolala ndasoka mozondoka kawiri. Mutu waching'alang'ala.

Lachinayi, 7 Malichi

Ndilembe, pepala lilibe pakamwa.

Ndine.

Lachisanu lapitali apolisi osavala yunifolomu anandiimitsa pa siteji n'kunditenga. Kachipinda kopanda zenera, mpando umodzi. Sanandimenye, ndinamirenji. Mmodzi wa jekete anangotchula sukulu ya mwana wanga, kalasi yake, nthawi imene amaweruka. "Msewu uja magalimoto amathamanga, mayi." Ndinakhuthula zonse. Za mbale sanandifunse n'komwe, ndinangoziyala ndekha, kuti inali yobiriwira, yobenthuka mbali imodzi. Ngati ndikugulitsa. Ndikudzida.

Lolemba, 11 Malichi

Mayina akuswana pa loka paja. Mthirakuwiri. Yudasi. Galu wa boma. Wina wosadziwa kulemba wangojambula lilime lalitali. Lililonse ndimaliyesa pathupi ngati diresi, ndipo onse akundikwana.

Lero a Simbi andipatsira choko. "Nanunso achemwali, inu dzanja lanu ndi labwino." Maso onse pa ine. Ndalemba. MPEREKI. Zilembo zowongoka, anthu mpaka kuyamikira.

Mayi Mabatani afufuta ndi mpango wawo, osayang'ana munthu. Poweruka andikoka malaya n'kundifumbatitsa mabatani anayi a yunifolomu ya mwana. Ndinawapempha mwezi watha, ndinaiwalako. "Oyera anasowa, mwanawe, ungosokera awa."

Sindinadye.

Lachisanu, 15 Malichi

Mayi Mabatani sanabwere. Dzulo amuna a kopakira katundu anawadikirira kuseri kwa geti. Dzanja lamanja, zala ziwiri zathyoka. Dzanja la mabatani lomwelo. Zaka makumi awiri ndi zitatu pa tebulo lija, lero aikapo makatoni.

Nthawi ya tiyi ndinaimirira kuti ndinene. Miyendo inanditengera kuchimbudzi.

Mwana wakhoza masamu. Ndamukumbatira mpaka wati amayi mukundipweteka. Mabatani aja ali m'kachitini ka mapini. Yunifolomu akumanga ndi pini.

Lachiwiri, 26 Malichi

Kupitirira sabata osalemba. Ndilembe chiyani.

A Sizasi atuluka pa belo. Aonda, dzino lakutsogolo palibe, koma nthabwala zawo zomwe zija. Akuti kumeneko ndi hotela yabwino, amakudzutsa okha. Anthu kuwaunjirira, kuseka, ena misozi. Kenako anati: "Komatu anthu aja amadziwa zonse. Mpaka mtundu wa mbale. Mpaka pobenthuka pake."

A Simbi anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Mbale ija Mayi Mabatani sanaione."

Sanandiyang'ane. Anayang'ana zala zawo, n'kupinda chimodzi, n'kupinda chachiwiri. Chachitatu chinatsala chiimire.

Mlandu suola. Amayi anga ankatero, ine n'kumayesa mwambi wa ana.

Lachitatu, 27 Malichi

Ndabwera ndithu. Ndikanapita kuti.

Msomali wanga ulibe kapu. Pa makina panga mbale yobiriwira ija, yovundikira. Pamwamba pake choko chatsopano. Loka yanga mbee, sanalembepo kalikonse. Palibe wonditukwana. Bola akananditukwana.

A Sizasi akudula nsalu, msana kwa ine. A Simbi podutsa ndi mulu wa malaya anaima pang'ono, mawu apansipansi, aulemu ndithu: "Takusiyirani malo, achemwali. Inu dzanja lanu ndi labwino."

Ndikulembera m'chimbudzi. Belu la tiyi lalira, ndikumva makapu. Mwana aweruka hafu thuu. Choko chili m'thumba, mayina onse ndikuwadziwa pamtima, koma dzina loti lifike pa zala za Mayi Mabatani palibe.