Mabotolo a Bambo M'ngodya za Munda

Okondedwa Achemwali,

Moni kumeneko. Muli bwanji inu, alamu ndi ana? Nanga bambo, dzanja lakumanja lija layamba kugwira kapu? Ine kuno ndili bwino, kungoti mame a m'nkhalango anandipatsa chimfine sabata yatha, koma chapita.

Kalata yanu inandipeza Lachiwiri, ndipo ndaiwerenga kanayi. Mwati woyeza malo uja atatsata manambala amene ndinakutumizirani, ngodya yoyamba ya munda wathu inakagwera m'khola la nkhumba la aneba, yachiwiri pakati pa msewu. Mwatinso anebawo anaseka mpaka kugwira nthiti, kenaka n'kupitiriza kukumba maenje a mpanda wawo, kulowetsa mitengo yanu ya mapeyala mbali yawo. Achemwali, woyeza malo musamukwiyire. Wolakwa ndine, ndipo ndalemba kalatayi kuti ndikuuzeni mmene ndinalakwira.

Mukudziwa kuti ntchito yanga kuno ndi yowerenga mitengo m'nkhalango ya kampani. M'mawa amatipatsa jipiesi, kachipangizo konga foni yakalekale kamene kamamva masetilaiti a kumwamba. M'katimo amakhala ataikamo kale mapointi, ndiye kuti malo amene tiyenera kukafika tsikulo. Ukasankha pointi kamakuonetsa muvi ndi mamita otsala, iwe n'kumangotsata, kaya ndi m'minga kaya ndi m'matope. Ukafika kamalira, basi n'kuyamba kuyeza mitengo. Zaka ziwiri zonsezi ndakhala ndikutsata mapointi amene anasunga anzanga, ndipo ndinkadziona ngati katswiri.

Mwezi uno anandisamutsira ku gulu losunga mapointi atsopano. Mkulu wake ndi mayi wina amene timawatcha a Chipewa, poti chipewa chawo savula ngakhale mu ofesi. Tsiku loyamba anandiona ndikuyatsa kachipangizo n'kusunga pointi nthawi yomweyo, ndili chiyendere. Anandilanda ngati mwana amene wagwira mpeni. Anandiuza kuti kachipangizoka kakangoyatsidwa, makamaka kakayenda ulendo wautali kali kozimitsa, kamakhala kasanadziwe bwino pamene kali, ndiye kamangoloza mongoganizira. Uyenera kuima poyera, osati pansi pa mtengo, n'kudikira mpaka kanambala ka pakona ya kagalasi kake, kosonyeza mamita amene kangaphonye, katsike kufika mamita atatu kapena anayi. Anandiimika padzuwa mphindi khumi zathunthu ndikuyang'ana kanambalako, anzanga akundiseka. Ine sindinaseke nawo. Mtima unali utathawira kumunda kwathu.

Mukukumbukira tchuthi changa cha chaka chatha, pamene ndinabwereka kachipangizoka kuti ndidzakuonetsereni? Bambo ananditenga kuti akandionetse pamene anakwirira mabotolo m'ngodya zinayi za munda, chaka chimene anakwatira amayi. Inu munali kuchipatala ndi mwana, ndiye tinapita awiri. Ine ndinali ndi changu chokakumana ndi anzanga kumsika. Ndinayatsa kachipangizo pansi pa mapeyala pomwepo, n'kudina, n'kunyamuka. Bambo anali kumbuyo ndi ndodo yawo, akufotokoza za chulu, za chitsa, za mapazi angati kuchokera pati. Zinkalowera khutu ili n'kutulukira linali.

Pa ngodya yachiwiri anaima n'kundiitana ndi dzina lija amanditcha akafuna kundinyoza mwachikondi.

"Kaliwiro, tazimitsa kachinthu kakoko, uyang'ane pamene ndapondapa."

Ine ndinayankha kuti, "Musavutike bambo, aka sikaiwala."

Ngodya ziwiri zotsalazo ndinazimaliza ndekha, iwo akuloza ali patali, akupuma movutikira. Ndinabwerera ndikunyada kuti munda wonse ndauika m'thumba, ndipo manambala a mapointi amenewo ndi amene ndinadzakutumizirani. Patangopita miyezi itatu sitiroko ija yopha ziwalo inawagwira, mawu n'kupita.

Ndinawaonetsa a Chipewa manambala aja Lachitatu, nditawafotokozera zonse. Sananditukwane, ngakhale ndikanakonda akanatero. Anangoti manambalawo palibe angawakonze, chifukwa palibe akudziwa kuti anaphonya ndi mamita angati kapena analowera mbali iti. Anatinso ngakhale pointi yabwino imangokufikitsa pafupi, kotsalako amamaliza ndi maso a munthu amene analipo. Munthu ameneyo ndinali naye pambali panga tsiku lija, Achemwali, ali ndi mawu ake onse, ndipo ine maso anga anali pa kagalasi.

Zikundipweteka kwambiri kuti mukuvutika ndinu. Mapeyala aja ndi amene amadyetsa ana anu, ndipo ndinu mumawathirira, pamene ine ndimangodya ndikabwera. Munakhulupirira manambala anga mpaka kuitana woyeza malo pamaso pa anthu, ndiye ndakuchititsani manyazi. Pepani kwambiri. Ndinapempha masiku ochepa kuti ndibwere, koma kapitawo wakana, akuti mpaka timalize kuwerenga mitengo miyezi iwiri ikubwerayi. Pofika nthawi imeneyo mpanda udzakhala utaima.

Pempho langa ndi limodzi. Manambala angawo ang'ambeni. Alamu akabwereke ngolo, muyalemo matiresi, muwatenge bambo m'mawa dzuwa lisanatenthe. Pakamwa panatsekeka, koma mutu wawo uli bwino ndipo dzanja lamanzere limaloza. Mutenge khasu, muitane aneba ndi woyeza malo kuti adzaone ndi maso awo. Chimodzi chokha chimene chinatsala m'mutu mwanga n'chakuti mabotolowo ndi obiriwira, anawakwirira chozondoka, ndipo dzenje lake linali lofika m'chigongono. Likangotuluka limodzi, kuseka kwa aneba kutha.

Musanakwere ngoloyo, muwawerengere bambo kalatayi, osadumpha pamene ndalakwapo. Muwauze kuti Kaliwiro wavomera kuti kachinthu kake kanali kasanadzuke, ndipo mwini wake anali wogona kuposa iko. Akaseka ndi mbali imodzi ija ya pakamwa, mudzandiuze.

Ndipo mukafika kumunda, chonde musawafulumize. Akhoza kutenga m'mawa wonse pa ngodya imodzi, akhoza kuloza apa kenaka n'kusintha. Imani pambali pawo, muyang'ane pamene dzanja lawo likuloza, mudikire mpaka atsimikize. Anandipempha chomwecho ali ndi miyendo ndi mawu, ine n'kuwasiya kumbuyo. Inu muwadikire.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali, ndi kwa adzukulu anga onse. Wamng'onoyo mumuuze kuti nsapato zake sindinaiwale. Bambo muwagwire dzanja lamanzerelo m'malo mwanga.

Ndine mlongo wanu wosamva uja,

Kaliwiro