Kumene ngakhale mbuzi sizilowa

Okondedwa achimwene Osório,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno ku Limbe tili bwino, kupatula miyendo yanga imene ikundikumbutsabe kuti njinga ndinaisiya kalekale. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumayamba kutsanzika ndisanafike pa nkhani.

Sabata yatha ndinadutsa malire pa Muloza kukaona bambo ku Mongue. Ndinawapeza anenepako, akudzitama ndi chinangwa chawo. Kutacha anati tipalase kunyanja ya Chirua, tikagule matemba oti ndibwere nawo kuno. Ndinabwereka njinga ya a Constância, oyandikana nawo aja, yopanda buleki yakumbuyo.

Bambo amapalasa ngati mnyamata wa kabaza. Ine ndinkangomeza fumbi lawo. Dzuwa lili pamutu, madzi akuonekera kale patali, anaima pamalo pamene minda imalekeza mbali zonse n'kusiya tchire lalitali, pakati pake pali mtengo wa mango. Anagoneka njinga n'kulowa.

Ndinkayesa akukadzithandiza, ndiye ndinayang'ana kumbali. Mayi wina wosenza dengu la nsomba ndiye anakuwa, kufunsa ngati madalawo apenga, poti mmenemo ngakhale mbuzi saziloleza. Anati ndi mudzi wakale, asilikali anakwiriramo mabomba nthawi ya nkhondo. Ochotsa mabomba anabwera n'kunena kuti amaliza, koma palibe amene wafuna kukhala woyamba kutsimikiza ndi phazi lake.

Ndinaitana bambo. Sanacheuke. Anafika pamtengo paja, anagwada, ndipo anakhalitsa. Kenaka ndi iwo amene anandiitana, ati ndikawadzutse, bondo lakana. Anati ndiziponda mmene apondamo iwo, ndisawonjezere zanga.

Achimwene, ndinalowa. Ndinkafunafuna mmene nkhwaira zawo zagonetsa udzu, mayi uja ali kumsewu kuitana oyera mtima mmodzimmodzi. Pena udzu unali utadzuka kale, osaoneka kanthu. Ndinkangoponda.

Nditafika anandionetsa kamulu ka miyala. Anati apa ndi pamene anaika Gelson, mwana wawo woyamba, amene amayi mpaka kumwalira sankamutchula. Anamuika tsiku limene ankathawira ku Malawi, dzenje lake anakumba ndi chikwanje, mothamanga. Anati mwana wagona m'thengo ngati chinyama pamene iwo akudya n'kumanenepa.

Tinatuluka modutsa momwemo, iwo atatsamira paphewa panga. Kunyanja tinafika ndithu. Bambo anayamba kutsutsana ndi asodzi kuti matemba a masiku ano ndi ang'onoang'ono, ine nditakhala pabwato lovundikira.

Pobwerera ndi pamene anandiuza kuti mvula isanagwe abwererako ndi khasu, akalambule manda ndi kulima njira yochokera kumsewu. Ndinati phazi limaponda pamwamba, koma khasu limalowa pansi. Anati mwana wamkazi wokwatiwa ku Malawi sangawaphunzitse nthaka yakwawo.

Tcheni cha njinga yawo ndabwera nacho m'chikwama changa. Koma mukuwadziwa, ndipo ku Mongue nyumba iliyonse ili ndi njinga.

Inu amakumverani. Musawaletse, chifukwa mukawaletsa anyamuka tsiku lomwelo. Auzeni kuti manda a mkulu wanu sangalambulidwe inu kulibe, akudikireni. Mukatero mubweredi, tikapemphe a boma ku Milange atumize anthu a makina ayambe apimamo. Musanene zodzabwera pa Khirisimasi, achimwene. Mitambo yayamba kale kusonkhana pa phiri la Mulanje, ndipo bambo nawo akuiona.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni, ndipo akupatseni njira mwamsanga.

Ndine mlongo wanu,
Ana Paula