Mabatani Anasamuka Lolemba

14 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga, amene ndamva kuti masiku ano mimba imayamba kulowa m'nyumba eniake akadali panja. Ine ndili bwino, ndipo ntchito ya kushopu yosindikiza mapepala ija ikadalipo. Ndati ikadalipo chifukwa sabata yatha inatsala pang'ono kundipulumuka.

Chizungu changa mukuchidziwa, chinathera pomwe ndinathawira sukulu. Chimene simukudziwa n'chakuti zaka ziwiri zonsezi pakompyuta paja sindiwerengapo kanthu. Ndinangoloweza malo. Pakona yakumanzere pansi, potsegulira. Ukadina mausi kumanja, mzere wachitatu ndi wokopera. Dzanja limathamanga, makasitomala n'kumati mnyamatayu ndi wa ku koleji. Ine osakana.

Ndiye Loweruka kunabwera katswiri wina wa kachikwama kumsana, akuti atiikire pulogalamu yatsopano yoyendetsa kompyuta yonse. Lolemba ndikuyatsa, ndinangoti kakasi. Batani la pakona lapita pakati, mizere yanga yasokonekera. Zinali ngati wabwera kwanu n'kupeza chitseko achiika padenga.

Pakauntala panali aphunzitsi ena, akufuna makope makumi anayi a mayeso teni koloko isanakwane. Ine mwamatama ndinadina mzere wachitatu monga mwa masiku onse. Fayilo yawo inangoti zii.

Abwana athu, amene timawatcha a Magalasi, anabwera. "Iwe Liwiro, mayeso a aphunzitsiwa ali kuti?"

"Apita kokapuma, bwana, abwera."

Sanaseke. "Mphwanga ali ndi satifiketi ya kompyuta, akungokhala pakhomo. Ukudziwa zimenezo?"

Anandichotsa pampando n'kukhalapo okha. Anafunafuna mawu amene anawazolowera, osawapeza. Kuvula magalasi, kupukuta, kuvalanso. "Kodi anthu amenewa mawu awapititsa kuti?"

Nditaima kumbuyo kwawo ndi pamene ndinaona kuti mawuwo awasandutsa tizithunzi. Kasizasi, timapepala tiwiri, kabini ka zinyalala. Ndinati, "Bwana, kunyumba chinthu chikasowa timayamba kusuzumira m'bini." Anadina monyinyirika. Mayeso ali phee momwemo. Atawatulutsamo, ndinawalozera timapepala tiwiri tija kuti pokopera ndi pamenepo, zinatheka, makina n'kuyamba kulavula. Aphunzitsi anatuluka nthawi ikadalipo.

"Wadziwa bwanji iwe?"

"Inu ophunzira mumawerenga, bwana. Ife timangoona."

Kuchokera tsiku limenelo akasochera amakuwa kuti Liwiro tabwera, ine n'kumapita pang'onopang'ono ngati dokotala. Pulogalamuyo timaitukwana limodzi, chifukwa pozimitsira pokha tinasaka mpaka tiyi anazizira. Za mphwawo sizinamvekenso.

Koma achemwali, nthawi imene fayilo inasowa, malaya onse ananyowa kumsana. Ulendo uno tizithunzi tandipulumutsa. Nanga anthu amenewa akadzadzuka tsiku lina n'kutichotsanso? Choncho buku lachizungu la mwana wanu wamkulu, ngati wathana nalo, munditumizire. Mulikulunge bwino, ndipo musamuuze kuti likupita kwa amalume ake. Muziti ndi la mwana wa aneba.

Moni kwa ana onse, ndi kwa alamu ndi katundu wawo uja. Amayi muwauze kuti ndikudya bwino, ndanenepa, ndipo kuntchito amandidalira. Zonsezo n'zoona. Zinazi zikhale za ife awiri.

Ndine mlongo wanu wosamva uja.