Fodya wathu anatsitsidwa pa sikelo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, ana okha ndi amene avutikako ndi chimfine.

Mwezi watha tinatumiza fodya ku okushoni. Tinakweza mu lole ya a Kamphinda pamodzi ndi mabelo a mabanja ena a ku Bowe, ine n'kukhala kutsogolo. Loleyo inadzaza moti pa zitunda inkangokwawa.

Titadutsa Madisi tinapeza apolisi ali ndi sikelo yoyezera magalimoto. Lole imene inali patsogolo pathu inapyola muyeso pang'ono, koma anailola kupita. Yathu itakwera pa sikelo, wapolisi anapukusa mutu.

"Anzathu aja mwawasiya, nanga ife talakwanji?" anafunsa a Kamphinda. "Masiku ano ndi a demokalase."

"Kupyola pang'ono timalolera, bambo," anayankha wapolisiyo. "Inu mwanyamula katundu wa malole awiri. Mlatho uli kutsogoloku suvota."

Anatsitsa mabelo a pamwamba, amene anali athu poti tinakweza pomalizira. Ndinawalondera masiku atatu pakhonde la golosale mpaka loleyo itabwerera. Awiri ananyowa ndi mawawa ndipo ku okushoni anawabweza.

Mukamabwera mudzatigulireko lona kuti tizifunditsa mabelo. Komanso mukamalembera amayi musatchule nkhaniyi. Mabelo awiriwo anali a m'munda mwawo, ndipo iwo akuganiza kuti anagulidwa.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esinati