Makiyi a Chipinda cha Mapoto

Area 23, Lilongwe
14 Ogasiti 2023

George Washington, pulezidenti woyamba wa America:
Kutsogolera asilikali, 1775 mpaka 1783: zaka 8
Kulamulira dziko, 1789 mpaka 1797: zaka 8
Zonse pamodzi: zaka 16
Ine, wapampando wa amayi a mpingo wathu, 2001 mpaka 2023: zaka 22

Okondedwa achemwali a Tiwale,

Ndikhulupirira kuti mwendo uja wayamba kukulolani kupita kumunda. Musadabwe ndi manambala ali pamwambawa. Ndafuna kuti nkhaniyi muimve kwa ine isanafike ku Kasungu ndi pakamwa pa anthu ena.

Lachinayi la chisankho chathu, amayi anandipempha kuti ndiyambe ndi phunziro la utsogoleri. Ndinasankha Washington, amene mbiri yake ndinkaiphunzitsa kusekondale. Ndinati munthuyu atapambana nkhondo anatula pansi udindo wa usilikali nabwerera kumunda kwake, ndipo atalamulira dziko kawiri sanafunenso kuimanso. Ndisabise, ndinkalasa a Greyson, msungichuma wa mpingo, amene akukakamira udindo chikhalirecho maso awo saonanso manambala. Akazi awo anali pabenchi lachiwiri, ndipo ndinkawayang'ana dala.

Amayi anaomba m'manja kwambiri. Jacinta, wogulitsa tomato uja, anakuwa ali kumbuyo, "Amayi, bwerezani pamene pali pothyoka fupa la njovupo! Anakhala zaka zingati pampando?"

"Zisanu ndi zitatu," ndinatero monyadira.

"Ee, anali munthu ameneyo!"

Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo. Sindinamve kanthu.

Mwambo wathu mukuudziwa. Chisankho chikafika ndimaimirira n'kunena kuti, "Ine ndakalamba, sankhani wina." Iwo amati, "Ayi amayi, tikhala ndi yani?" Ndimakana kachiwiri, wina amayambitsa nyimbo, nthungululu, basi ndakhalanso. Ulendo uno ndinaimirira n'kunena mawu omwewo. Panali zii. Ndinamva ngakhale kondakitala wa minibasi akuitanira kumsewu. Kenaka Jacinta anati, "Zikomo amayi, phunziro talimva." Anasankha Fiona, namwino, mwana amene ndinamuphunzitsa Fomu 2. Manja 61 mwa 64. Ndinawerenga ndekha, poti ndine ndimawerenga.

Zikanathera pomwepo bwenzi ndikuyenda mutu uli m'mwamba. Koma ine, achemwali, ndinatsegula pakamwa n'kunena kuti, "Komatu ndangokana kamodzi." Ndinanena mokweza. Akazi a Greyson anaweramitsa nkhope chifukwa cha manyazi anga.

Makiyi a chipinda chosungira mapoto a maliro ndinapita nawo kunyumba. Fiona atatuma uthenga wofuna makiyiwo ndinati ndikumva chimfine. Lachisanu lapitali kunagwa maliro kwa Jacinta, anamwalira mlamu wake. Amayi anachita kuyenda khomo ndi khomo kubwereka mapoto, ena anafika mpaka ku Kawale, mapoto athu ali chitsekere ndi makiyi omangidwa pansonga ya chitenje changa. Anamfedwa anadya dzuwa litapendeka. Palibe anandinena. Jacinta anandilonjera mwaulemu n'kundipatsa mpando, ndipo mpandowo unanditentha.

Lero m'mawa ndapita kwa Fiona ndi makiyi aja. Wandilandira chogwada, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mukanangotuma mwana." Ndati ayi, tiyeni tikawerengere limodzi katundu wa m'chipindamo. Kwa Jacinta sindinapitebe. Ndafika pa mpanda wake kawiri n'kubwerera. Mundipempherere kuti mawa ndilowe.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Ngati kachipinda ka kuseri kaja kalibe munthu, mundiuze. Ndikufuna ndidzakuthandizeni kusenda mtedza mwezi wa mawa, Lachinayi lisamandipeze kuno.

Zimene ndapereka lero:
Mapoto aakulu: 14
Mbale: 212
Makapu: 180
Zidebe: 9
Makiyi: 3
Zotsala m'manja mwanga: 0

Ndine mng'ono wanu,
Maness Nachisale