Madzi ndi jekete langa zili m'chikwama chawo, iwo ali kutsogolo

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu, onse anakula n'kuchoka pakhomo. Ndimasoka makatani pakhonde la shopu ya achimwene anga, ndipo amuna anga ndi owotcherera zitsulo: mageti, mawindo, zitseko zotchinga akuba. Chichokereni ana, m'nyumba muli zii. Madzulo timakhala pabalaza, iwo khutu pa wailesi, ine maso pa foni, nkhani yake n'kungofunsana ngati kukhitchini kwatsekedwa.

Ndiye mwezi wathawu anabwera ndi maganizo. Kasitomala wina amene anamukonzera geti anawauza za njira yoyenda pamsana pa phiri, kukwerera mbali ino n'kukatsikira kutsidya, masiku angapo, kugona m'tenti, katundu yense wobereka. Amuna angawo anati, "Mayi, tiyeni tikayende awiriwiri. Ntchito tagwira yokwana." Chikwatiranireni sanandipemphepo kupita nawo kwina kulikonse kopanda maliro kapena ukwati, choncho ndinavomera asanamalize n'komwe. Tenti anabwereka, zikwama tinagula zakale pamsika, malamba ake ndinalimbitsa ndekha pamakina.

Vuto ndi ili. Amuna anga sadziwa kuyenda ndi munthu. Popita kutchalitchi amakafika pageti ine ndikadali pagolosale. Si nkhanza ayi, miyendo yawo ndi yotero. Komanso ali ndi chifundo chosamva za mnzawo. Loweruka lapitali tinakayeserera pa kaphiri kapafupi. Polongedza anatenga zonse zolemera n'kuika m'chikwama chawo: madzi onse, chakudya, tochi, machesi, mpaka jekete langa. Nditati ndilankhule anandidula, "Inu ndi msana wanu uja? Nyamulani mbale ndi masipuni basi."

Titakwera ndithu anayamba kutalikira. Ndinkangoona chipewa chawo, kenako osaonanso kanthu. Ndinafika pamphambano, njira ziwiri zofanana, ndipo nthawi yomweyo kunagwa nkhungu, mphepo yake ngati ya mufiriji. Foni inalibe netiweki. Ndinakuwa, mawu osapita patali. Ndinangokhala pamwala ndi kabulauzi kanga, kukhosi kutauma gwa, ndikugogoda mbale ndi sipuni kuti mwina andimve. Pamene ankabwerera n'kuti zala zitachita dzanzi. Anandiveka jekete, anandimwetsa madzi, kenako anati, "Mwaona? Mukanasenza zonsezi bwenzi mutafika pano?"

Sindinayankhe. Mantha ndili nawo, ndisaname, chifukwa uko kunali kuyesa chabe, msewu ukuonekera pafupi. Koma ndikakana ulendowu ndikudziwa kuti sadzandipemphanso kanthu, tidzabwerera ku wailesi ndi foni mpaka ukalamba. Ndikawauza kuti chifundo chawo n'chimene chinandikhazika pamwala paja, adzati ndawanyoza. Ndipite, kapena ndingonamizira bondo?

Mayi E.N., mtauni

Mayi E.N.,

Bondolo lisiyeni, silinalakwe. Mukalinamizira lero mudzayenera kutsimphina chaka chonse, vuto lenileni lili pomwepo.

Amuna anu analongedza ngati mukuchokera kumsika, kumene wamphamvu amasenza thumba, mnzake n'kumatsatira manja ali lende. Kuphiri lamulo ndi lina: chilichonse chimene chingakusungeni ndi moyo mutatsala nokha chimakhala pamsana panu. Jekete, chofunda mvula ikagwa, botolo la madzi, tochi, machesi okulunga mupulasitiki, wezulo, mankhwala ngati alipo amene mumamwa, ndi chakudya chosalira moto monga mtedza ndi buledi. Pamenepa palibe zokambirana. Ngati iwo akufuna kulemedwa, apatseni tenti, mapoto, mbaula ndi mpunga, mtima wawo ukhale m'malo.

Kenako za kayendedwe. Wochedwa ndiye amatsogolera, choncho inu patsogolo, iwo pambuyo. Pamphambano paliponse wina asadutse mnzake asanafike, ndipo nkhungu ikagwa muime malo amodzi mpaka njira ioneke. Kuthamanga si kufika. Mtunda wa tsiku lililonse muuyeze ndi miyendo yanu, osati yawo, ndipo muzimanga tenti dzuwa likadalipo.

Dziwaninso kuti pamsana pa phiri madzi amasowa, chifukwa akasupe ambiri amakhala m'munsi, m'makwawa. Funsani amene anayendako posachedwa kuti madzi ali pati, komanso njira zotsikira msanga zinthu zikavuta zili pati. Nkhani ya kasitomala wa geti si mapu. Pezani munthu wolondolera njira amene phirilo amalidziwa, ndipo musapite nyengo ya mvula. Achimwene anu adziwe kumene mukayambire, kumene mukatsikire, ndi tsiku loti akapanda kukuonani ayambe kukufunani. Nsapato zoyendera yambani kuzivala panopa, matuza atuluke mukadali kunyumba.

Tsopano kalankhulidwe. Musayambe ndi mawu akuti "munandisiya", chifukwa adzangoteteza miyendo yawo. Munthu wowotcherera amadziwa kuti geti lolemera salipachika pa hinjesi imodzi. Afunseni modekha kuti, "Bambo, mukanaterereka inuyo n'kugwera kumunsi ndi chikwama chija, ine ndikanakuthandizani ndi chiyani, sipuni?" Pamenepo simunanyoze chifundo chawo, mwangowaonetsa kuti nawonso anali pangozi. Muwauzenso poyera kuti munachita mantha. Kukhala chete kwanu kuja iwo anakumva ngati kuthokoza, ndipo pakali pano akudziona ngati ngwazi. Mumalize ndi kuwauza kuti ulendowu mukuufuna, chifukwa m'kalata yanu zikuoneka kuti mukuufunadi.

Chenjezo langa ndi ili. Musananyamuke, bwererani pa kaphiri kaja zikwama zitalongedzedwa mwatsopano, inu patsogolo. Musawakumbutse kanthu m'njira, muzingoona. Akapirira kumbuyo kwanu mpaka pansonga, ngakhale akung'ung'udza njira yonse, pitani, ulendowo udzakomera nonse awiri. Koma akakudutsani n'kuzimirira pakona, tenti ibwerere kwa mwiniwake tsiku lomwelo. Adzakwiya, mwina sabata yathunthu osakulankhulani, ndipo mwinadi sadzakupemphaninso ulendo wina. Zimenezo n'zowawa, koma mungazipirire muli pabalaza panu. Kutali ndi msewu, munthu wotsala yekha m'nkhungu amatsika phiri atanyamulidwa pamachira.

Aphungu